Matokeni ali m'waleti savota okha

Ndatopa kumva anthu akunena kuti, "Ndili ndi COMP, ndiye ndikavota." COMP ndi tokeni (ndalama ya crypto) yovotera pa maganizo oyendetsera Compound. Simukavota. Ku mapulojekiti a crypto monga Compound, Uniswap ndi ENS, tokeni yongokhala m'waleti ilibe mawu mpaka mwini wake atasankha nthumwi, woti azimuvotera. Ngakhale mukufuna kuponya voti nokha, muyenera kutumiza lamulo la delegate (losankhira nthumwi) lolozera adiresi yanu yomwe. Matokeni amene munawasiya ku Binance, kampani yogulitsirako matokeni, musawawerengere n'komwe, chifukwa pa blockchain, kaundula wa matokeni, ali pa adiresi ya kampaniyo, osati yanu.

Kusankha nthumwi sikusuntha tokeni ngakhale imodzi. Zimakhalabe zanu, mutha kugulitsa mawa, ndipo mukagulitsa mphamvu ya nthumwiyo imatsika nthawi yomweyo. Nthumwi imangolandira kulemera kwa voti basi. Adiresi imodzi imapereka mphamvu yonse kwa nthumwi imodzi, ndiye wofuna kugawa pawiri ayenera kukhala ndi mawaleti awiri. Nthumwiyo singapatsirenso wina mphamvu imene mwaibwereka.

Pomwe ambiri amapsa ndi pa nthawi. Kontrakiti (pulogalamu ya pa blockchain) imawerenga mphamvu ya aliyense monga inalili pa nthawi yeniyeni imene kuvota kunayambira. Mukasintha nthumwi kuvota kutayamba, mwachedwa: pa ganizo limenelo mawu anu apita ndi nthumwi yakale. Pansi pa kontrakiti yovotera ya Governor Bravo, Compound inkapereka masiku 2 ounika ganizo, masiku 3 ovota, ndi masiku 2 odikira zisanachitike. Masiku 2 oyamba aja ndiwo anu osinthira nthumwi. Lamulo lowerenga mphamvu monga inalili poyamba kuvota lili ndi chifukwa chake. Mu Epulo 2022 pulojekiti ina ya crypto, Beanstalk, inataya madola pafupifupi 182 miliyoni pamene munthu anabwereka ndalama zambiri, n'kupeza mphamvu ya voti, n'kudutsitsa ganizo lake, n'kubweza ngongoleyo, zonse pa kutumiza kumodzi kwa pa blockchain.

Koma imene imandivutitsabe ndi Proposal 289 (ganizo nambala 289) ya Compound, mu Julaye 2024. Gulu lodzitcha Golden Boys linapempha kuti COMP 499,000 za m'thumba la Compound, zokwana madola pafupifupi 24 miliyoni, ziikidwe mu kontrakiti imene iwo anali ndi ulamuliro. Anali atayesapo kale osaphula kanthu, ndipo anthu anali atachenjezana. Ulendo uno ganizolo linadutsa Lamlungu, ndi mavoti pafupifupi 682,000 ovomera ndi 633,000 okana. Palibe anathyola kontrakiti, malamulo onse anatsatidwa. Mwa COMP 10 miliyoni zimene zinapangidwa, zimene zinalankhula sizinafike 1.5 miliyoni. Zina zonse zinali kuti? Zambiri zinalibe nthumwi, zina zinali ndi nthumwi zogona. Ganizolo linadzachotsedwa a Golden Boys atagwirizana kumbali ndi anthu ena a Compound, koma voti sinalipulumutse thumbalo.

Ndiye musangosankha dzina lotchuka n'kuiwala. Tsegulani tsamba loonetsa mavoti a nthumwi muone maganizo 10 omaliza: nthumwi yanu inavota kangati, ndipo inafotokoza zifukwa? Ngati ili chete miyezi itatu, ichotseni lero, ganizo lina lisanalowe. Zimangofuna gas (ndalama yolipirira kutumiza lamulo pa blockchain) pang'ono.

Ndipo samalani ndi akamberembere a pa Telegram ndi X amene amatumiza linki ya "delegate kuti mulandire mphatso". Werengani zimene waleti ikukufunsani musanasaine. Likakhala lamulo la approve, permit kapena transfer, mukupereka matokeni enieniwo ndipo sadzabwerera. Wopempha mawu 12 achinsinsi otsegulira waleti yanu ndi wakuba, kaya akudzitcha nthumwi ya ndani.