Khadi lomaliza lagwa, mnzanu wabetcha: mulipira kapena mutaya?

Ndagawa komanso kusewera makadi a poker zaka zambiri, ndipo funso lomwe anyamata a ku Ulongue amandivutitsa nalo akangogulitsa kachewere wawo ndi la river. Kwa amene simukudziwa, mu Texas Hold'em aliyense amagwira makadi awiri, pakati pa tebulo pamagwa asanu, atatu kaye, kenako limodzi, ndiye lachisanulo ndi lomwe timati river. Limenelo likagwa basi, palibenso khadi lobwera kudzakuombolani.

Pamenepa ambiri amadzifunsa kuti kodi ndikuwina? Funso labwino si limenelo ayi. Dzifunseni kuti mtengo omwe akunditchajawu ukufuna ndiziwina kangati.

Tinene kuti mu poti, ndalama zonse zomwe zabetchedwa pakati pa tebulo, muli 1000 meticais, mnzanu waponya 500. Inu muika 500 kuti mutenge 1500. Mukachita zomwezi kanayi, katatu n'kuluza, zapita 1500, kamodzi n'kuwina, zabwera 1500, mwafanana. Ndiye kuti ngati mukuona kuti mumamuposa koposa kamodzi pa kanayi, lipirani, ngakhale nthawi zambiri muziluza ndithu. Izi zimawawa kumva koma ndi masamu. Akabetcha poti yonse, 1000, mukufunika kamodzi pa katatu. Akaponya 2000 ndi kawiri pa kasanu.

Masamuwo ndi osavuta, povuta ndi pa munthuyo. Tsiku lina ndinali ndi K ndi J, pansi panagwa K ya mtima, 9 ya mtima ndi 4, ine n'kukhala ndi ma K awiri, kenako 2, river n'kubwera 7, mtima wachitatu osaoneka. Mnyamata wina anandilipira kawiri konse mwachangu, pa river ine nditangoti cheke, kutanthauza kuti sindibetcha, iye n'kukankha poti yonse. Ndinakhala kaye phee n'kuyamba kuyenda chobwerera, kuti munthu wolipira msanga chonchija amakhala atagwira chani? Kawirikawiri amakhala akudikira mtima wina kuti akwanitse flush, makadi asanu a mtundu umodzi, ndiye sunabwere, njira yomwe yamutsalira ndi kundiopseza. Akanakhala ndi ma 9 awiri m'manja bwenzi atandikwezera kalekale. Ndinalipira, anatembenuza mitima iwiri yopanda ntchito.

Koma dziwani ichi, A ya mtima ikanakhala m'manja mwanga ndikanaganiza kawiri, chifukwa ndi khadi lomwe anthu odikira flush amakonda kugwira, ndiye likakhala kwa ine mwayi woti akunama umachepa. Makadi anu amakuuzaninso zomwe mnzanu alibe.

Nanga akanakhala madala aja omwe amakhala usiku onse osabetcha, akungomwa tiyi wawo, kenako mwadzidzidzi n'kukankha ndalama zambiri dzanja likunjenjemera? Pamenepo K yanga ndimaitaya osadandaula. Pa matebulo athu ang'onoang'ono ano anthu sanama kawirikawiri ndi ndalama zazikulu pa river, amaopa, ndipo ine momwe ndaonera dzanja lonjenjemera limakhala la munthu yemwe wagwira chinthu chenicheni, osati wamantha.

Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi mawu aja oti "ndaika kale zambiri, sindingasiye". Abale anga, madzi akatayika saoleka, ndalama ikalowa mu poti si yanunso, yanu ndi yomwe idakali kutsogolo kwanu, ndipo ndi yokhayo yomwe mukusankhapo. Ena amalipira kuti angoona makadi a mnzawo, ena kuopa kusekedwa kuti anamizidwa. Ndaonapo munthu wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize akutaya theka la malipiro chifukwa cha manyazi omwewa. Ndipo ngati ndalama yomwe mwabwera nayo ndi ya feteleza kapena ya sukulu ya ana, musakhale n'komwe pa tebulopo, munthu wosewera ndi ndalama yotere sawerenga bwino, mtima umakhala uli kunyumba.

Mukataya, musamufunse kuti akuonetseni. Ingokumbukirani kuti anabetcha zingati komanso pansi panali makadi anji, tsiku lomwe wina adzamulipire mudzaona zomwe amagwira akamabetcha choncho.