Anaswa mawindo, kenako anakasoka mabala a asilikali: za azimayi a ku Britain ndi voti

Nkhani imene anthu amakonda kunena ndi yoti azimayi a ku Britain anapatsidwa ufulu wovota mu 1918 ngati zikomo chifukwa cha ntchito imene anagwira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Imamveka bwino eti, boma linaona khama la azimayi, mtima unafewa, basi voti iyo. Ine nkhani imeneyi sindimayigula yonse, chifukwa ukayang'ana amene anapatsidwa votiyo ndi amene anagwira ntchito yoopsa ija, upeza kuti ambiri si anthu omwewo.

Nkhondo isanayambe azimayi omenyera voti anali kale m'magulu awiri akuluakulu osiyana khalidwe. Loyamba linali NUWSS, mgwirizano wa mabungwe ofuna voti ya azimayi, linakhazikitsidwa mu 1897, ndipo amene anadzakhala patsogolo ndi mayi Millicent Fawcett. Awa anali oyenda m'malamulo, misonkhano, makalata opita ku palamenti, kusainitsa anthu mayina, zaka ndi zaka aphungu akungoti tamva tiona. Ndiye mu 1903 ku Manchester mayi Emmeline Pankhurst ndi ana awo anayambitsa gulu lachiwiri lotchedwa WSPU, mfuwu yawo inali yoti zochita osati zolankhula, kunena kuti kupempha mwaulemu kwakwana. Mu 1905 mwana wawo Christabel ndi mnzake Annie Kenney, mtsikana amene anakulira mufakitale ya thonje, anasokoneza msonkhano wa andale ku Manchester ndi funso la voti mpaka anamangidwa, ndipo kuyambira pamenepo manyuzi anayamba kuwalemba. Dzina loti suffragette, kutanthauza mzimayi womenyera voti mwaukali, linachokera ku nyuzi ya Daily Mail mu 1906, cholinga chinali kuwanyoza, iwo anangolitola nkumalinyadira.

Kenako zinafika poipa ndithu. Kuswa mawindo a masitolo akuluakulu mu London ndi timahamala tobisa m'zovala, kuwotcha mabokosi a makalata, kuwotcha nyumba zopanda anthu. Akamangidwa ankakana kudya, woyamba anali Marion Wallace Dunlop mu 1909 ku ndende ya Holloway, ndiye boma linayamba kuwadyetsa mokakamiza. Apa mpofunika kunena mmene zinkachitikira chifukwa mawu oti kudyetsa amamveka ngati chifundo: azimayi olondera ndende angapo ankamugwira munthu pampando kapena pabedi, dokotala nkumulowetsa paipi ya labala m'mphuno kapena kukhosi mpaka m'mimba, nkumathira mkaka ndi mazira, munthu akusanza, mawa lake chimodzimodzi. Anthu atayamba kudandaula boma linapanga lamulo mu 1913 loti wafooka ndi njala atulutsidwe, akapeza mphamvu amugwirenso, ndipo anthu analipatsa dzina loti lamulo la mphaka ndi khoswe. Chaka chomwecho pa 4 June Emily Davison analowa m'bwalo la mpikisano wa mahachi ku Epsom nkugundidwa ndi hachi ya mfumu George V, anamwalira patapita masiku anayi. Nduna yaikulu nthawi imeneyo Herbert Asquith sankafuna nkumva komwe za voti ya azimayi.

Ndiye pa 4 August 1914 Britain inalowa nkhondo, zonse zinatembenuka sabata imodzi. Boma linatulutsa azimayi onse amene anali m'ndende pa nkhani ya voti, mayi Pankhurst anaimitsa zoswa ndi zowotcha zija nkuyamba kuyenda m'misonkhano kulimbikitsa anyamata kuti akalembetse usilikali. Mu July 1915 anatsogolera ulendo waukulu mu London wofuna kuti azimayi aloledwe kugwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo ndalama zokonzera ulendowo, mapaundi 2,000, zinachokera ku boma kudzera kwa nduna yoona za zida David Lloyd George, yemweyo amene nyumba imene ankamumangira inaphulitsidwa ndi bomba la a WSPU mu 1913. Ndale zilibe manyazi. Nyuzi yawo imene inkatchedwa The Suffragette anaisintha dzina kukhala Britannia.

Koma si onse anatsata. Mwana wina wa mayi Pankhurst, Sylvia, anakana nkhondoyo poyera ndipo banja linagawanika mpaka kalekale. Iye anakhala kum'mawa kwa London kwa anthu osauka, kumene amuna atapita kunkhondo mabanja anatsala opanda chogwira, anatsegula malo odyera otsika mtengo, kafakitale ka zidole kuti azimayi apeze ganyu, ndipo bala ina yakale anaisandutsa malo osamalira ana ndi kugawa mkaka. Ku NUWSS nako kunabuka mkangano mu 1915 pa nkhani yopita ku msonkhano wa azimayi ofuna mtendere ku The Hague m'dziko la Netherlands, mayi Fawcett anakana, akuluakulu angapo a gululo anatula maudindo.

Amene ine amandigwira mtima ndi madokotala. Ku Edinburgh kunali dokotala Elsie Inglis, wa gulu la mayi Fawcett, amene nkhondo itangoyamba anapita kwa akuluakulu a asilikali kukadzipereka kuti ali ndi madokotala ndi manesi achizimayi okonzeka kupita kulikonse. Yankho limene anapatsidwa mpaka lero anthu amalibwereza, anamuuza kuti mayi wabwino inu, pitani kunyumba mukakhale phee. Sanakakhale phee. Anasonkhetsa ndalama kudzera m'magulu omwe aja a voti, omwe anali atazolowera kale kusonkha ndi kulemba mabuku a ndalama, nkukhazikitsa Scottish Women's Hospitals, dzina losankhidwa dala lopanda mawu a voti kuti opereka ndalama asathawe. Britain itawakana, France ndi Serbia anawalandira ndi manja awiri. Ku France anatsegula chipatala m'nyumba yakale ya amonke ku Royaumont. Ku Serbia anapeza mliri wa typhus, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe, anthu akufa ngati ntchentche, ndipo ena mwa manesi ndi madokotalawo anafera komweko. Adani atalanda dzikolo kumapeto kwa 1915 Inglis anakana kusiya odwala ake, anagwidwa, anabwezedwa kwawo mu 1916, iye nkunyamukanso kutsata asilikali a ku Serbia mbali ya Russia ndi Romania uku akudwala khansa. Anafika ku Newcastle mu November 1917 nkumwalira tsiku lotsatira, kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti lamulo la voti lidutse. Ku Serbia amamukumbukirabe kuposa kwawo komwe.

Enanso awiri ndi Louisa Garrett Anderson ndi Flora Murray. Louisa anali mwana wa mkulu wawo wa mayi Fawcett koma iye anapita ku WSPU, ndipo mu 1912 anakhalako ku Holloway chifukwa choswa windo. Flora ndi amene ankasamalira azimayi otuluka kundende ali mafupa okhaokha. Awa sanavutike nkupempha boma lawo, anapita kwa a Red Cross ya ku France nkutsegula chipatala mu hotela ina ku Paris mu September 1914. Akuluakulu a asilikali a Britain atapita kukaona anabwerako pakamwa pali yasa, ndipo mu 1915 anawapatsa nyumba yakale yosungiramo amphawi pa Endell Street pakati pa London kuti aisandutse chipatala cha asilikali. Mabedi 573, ogwira ntchito pafupifupi onse azimayi, kuyambira opanga opaleshoni mpaka onyamula machira. Asilikali ovulala ankafika usiku kuchokera ku siteshoni ya sitima, belu likalira aliyense adzuke. Pofika potseka mu 1919 anali atathandiza odwala pafupifupi 26,000. Taganizani, mzimayi amene zaka zitatu zapitazo anali mkaidi wa boma, lero akuchotsa zidutswa za bomba m'miyendo ya asilikali a boma lomwelo, ndipo mfuwu ya chipatalacho inali yomwe ija ya WSPU, zochita osati zolankhula. Komabe ngakhale ankagwira ntchito ya maofesala, udindo weniweni wa usilikali sanawapatse.

Panalinso ma VAD, atsikana odzipereka kuthandiza manesi m'zipatala, ambiri ochokera m'mabanja opeza bwino, amene kwawo sanagwirepo tsache koma apa ankakolopa, kutaya zoipa za odwala, kuchapa mabandeji, ena kuyendetsa maambulansi. Ndipo panali a m'mafakitale a zipolopolo ndi mabomba, awa ambiri ana a anthu wamba, ena ankagwira ntchito za m'nyumba za mabwana nkuthawira kuno chifukwa malipiro anali abwinoko ngakhale sankafika pa a amuna. Mankhwala a TNT ankawasandutsa khungu kukhala lachikasu mpaka anthu ankawatchula dzina la kambalame kachikasu kotchedwa canary, ena chiwindi chinawonongeka nkufa. Ku Barnbow pafupi ndi Leeds mu December 1916 kunaphulika nkupha azimayi 35, ndipo nkhaniyo boma linaibisa chifukwa cha nkhondo.

Tsopano lamulo lenilenilo. Chimene chinakakamiza palamenti kukhudza nkhani ya voti poyamba sanali azimayi ayi, anali asilikali. Lamulo lakale linkafuna kuti mwamuna akhale pa nyumba imodzi miyezi 12 kuti alembedwe m'kaundula, ndiye amene anali m'maenje ku France ambiri anagwa m'kaundulamo, ena sanalimo nkale chifukwa cha umphawi. Panafunika kukonza, ndipo atangotsegula nkhaniyo a mayi Fawcett, amene gulu lawo silinafe nthawi yonseyi, anafika pakhomo kuti ngati mukukonza musatisiye. Andale nawo ankadziwa kuti nkhondo ikatha osachitapo kanthu, mawindo ayambiranso kusweka. Ntchito ya pankhondo inawapatsa potulukira popanda kuoneka ngati agonja kwa oswa mawindo, Asquith yemwe uja anaima mu palamenti mu 1917 kunena kuti wasintha maganizo.

Lamulolo linasainidwa pa 6 February 1918. Amuna onse kuyambira zaka 21, amene anamenya nkhondo kuyambira 19. Azimayi kuyambira zaka 30, komanso akhale ndi nyumba kapena malo, kaya akhale mkazi wa mwamuna amene ali nazo, kaya akhale ndi digiri. Anakwana pafupifupi 8.4 miliyoni, si ochepa, koma zaka 30 zija anaziika dala chifukwa amuna ambiri anali atafa ndipo akanati onse 21 azimayi akanaposa amuna m'kaundula. Ndiye mtsikana wa khungu lachikasu uja wa zaka 22, ndi VAD uja amene anagona m'matenti ku France, voti sanaione. Anaiona ndi mayi ake a VAD uja. Ndipo ngati nkhondo yokha ikanakhala yopatsa voti, bwanji ku France, kumene azimayi anagwira ntchito zomwezo, anadikira mpaka 1944, pamene New Zealand inapereka kale mu 1893 kulibe nkhondo iliyonse? Kwathu kuno tikudziwanso kuti kutumikira mfumu pankhondo sikubala ufulu pakokha, nkhondo yomweyo inatenga azigogo athu zikwizikwi ngati atengatenga ndi asilikali, John Chilembwe anafunsa kumapeto kwa 1914 kuti anthu akuda apindulanji pokhetsa magazi awo, ndipo itatha palibe anawatchulira za voti.

Pa chisankho cha December 1918 azimayi 17 anaima, anapambana mmodzi yekha, Constance Markievicz wa Sinn Féin, chipani chofuna ufulu wa Ireland, ku Dublin, amene panthawiyo anali mu Holloway momwe muja ndipo chipani chake sichinkalowa palamenti ya London. Woyamba kukhala pampando anali Nancy Astor mu 1919. Chaka chomwecho asilikali akubwerera, azimayi ambiri a m'mafakitale anauzidwa kuti apereke malo kwa eni ake, ndipo masukulu angapo a udokotala mu London amene analandira atsikana nthawi ya nkhondo anadzatsekanso zitseko. Kufanana zaka ndi amuna kunabwera pa 2 July 1928, mayi Pankhurst atamwalira pa 14 June, masabata osakwana atatu. Mayi Fawcett anali ndi moyo, a zaka 81, ndipo anapita ku palamenti kukaonerera. Mtsikana wa zaka 22 uja anakaponya voti yake yoyamba ya aphungu mu May 1929, ali ndi zaka 33.