Musanatsetsereke phiri la chipale, dziwani zimene zabisala pansi

Achinyamata ambiri onyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kukaphunzira ku Norway, Switzerland kapena Canada sachedwa kuitanidwa ndi anzawo kukasewera ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa utavala timatabwa titalititali kumapazi. M'malo okonzedwa, momwe mumalipira pakhomo, ngozi ndi yochepa, chifukwa ogwira ntchito amagumuliratu chipale choopsa ndi mabomba anthu asanafike. Kuseri kwa zikwangwani zosonyeza malire a malowa palibe amene wakukonzerani njira, ndipo pafupifupi anthu 9 mwa 10 ogwidwa ndi chigumukire cha chipale amachiyambitsa okha kapena mnzawo wa pagulu lomwelo.

Chipale chimaunjikana m'magawo osanjikizana, mkuntho uliwonse ndi gawo lake. Pansi, pafupi ndi nthaka, pamakhala pafupifupi madigiri 0 Celsius, pomwe pamwamba pangazizire mpaka -15. Kusiyanaku kukaposa madigiri 10 pa mita imodzi ya kuya, tinthu ta m'kati timasiya kugwirana, timakhala yoyoyo ngati shuga. Kenako kumagwa chipale chatsopano, mphepo nkuchipanikiza kukhala chigawo cholimba pamwamba pa chofookacho. Kuyang'ana ndi maso, malowo ndi osalala bwinobwino. Munthu akapondapo, chofookacho chimaphwanyika, mng'alu umathamanga mamita ambiri, ndipo chigawo chonse chimatsetsereka pamodzi. Gawo lofooka lotere likhoza kukhala lobisika kwa masabata ambiri.

Chinthu choyamba kuyeza ndi kutsetsereka kwa phiri. Zigumukire zambiri zimayambira pa malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka cha m'ma 38. Maso amanama, choncho yezani ndi kachipangizo kapena mapu a pafoni. Kwa ife okulira pachidikha cha Lilongwe, phiri lililonse limangooneka lalitali, ndiye musadalire kuyerekeza. Ngakhale pamene mwaimapo pali pabwino, yang'anani kumtunda, chifukwa mng'alu umatha kuyambira mmunsi nkugwetsa chipale cha pamwamba panu.

Musananyamuke werengani chenjezo la tsikulo: ku Switzerland limachokera ku SLF, bungwe lofufuza za chipale la ku Davos, ku Norway kuli webusaiti ya Varsom, ku Canada kuli Avalanche Canada. Muyeso wake ndi 1 mpaka 5. Ambiri amafa pa 3, popeza pa 4 ndi 5 anthu amaopa nkukhala kunyumba, pomwe 3 amamuyesa wapakatikati. Muli m'njira, bwererani mukaona zigumukire zatsopano, ming'alu yothamanga kuchokera pamapazi anu, kapena mukamva chipale chikuti "wuu" nkutitimira pansi panu. Chipale chatsopano chokwana masentimita 30 pa tsiku limodzi, mphepo yochiunjika kuseri kwa chitunda, mvula ndi kutentha kwadzidzidzi, zonsezi zimawonjezera ngozi.

Akatswiri amakumbanso dzenje m'chipalemo kuti ayese magawo ake. Amadula chipilala cha masentimita 30 mbali zonse, amaika fosholo pamwamba, nkumenya ka 10 ndi dzanja lokha, ka 10 kuchokera pachigongono, ka 10 kuchokera paphewa. Chikadukiratu msanga, moyera ngati chachekedwa, gawo lofooka lilipo. Akafuna kudziwa ngati mng'alu ungayende patali, amadula chipilala chotambalala masentimita 90. Koma dzenje limangonena za malo amene mwakumbawo. Likaonetsa zoipa, likhulupirireni. Likaonetsa zabwino, sichilolezo, chifukwa mamita ochepa kutsogolo zinthu zikhoza kusiyana.

Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi, enawo akuyang'ana ali potetezeka. Pewani zigwembe, mitengo ndi maphompho mmunsi mwanu. M'chigwembe ngakhale chigumukire chaching'ono chimakwirira munthu mozama.

Aliyense anyamule zinthu zitatu: transceiver (kachipangizo kothandiza anzanu kukupezani mukakwiririka) yotumiza chizindikiro pa 457 kHz, yovala pathupi osati m'chikwama, ndodo yofufuzira ya masentimita 240 kapena kuposa, ndi fosholo yachitsulo, chifukwa chipale chogumuka chimalimba kwambiri chikangoima. Wokwiririka akafukulidwa mkati mwa mphindi 10, mwayi wopulumuka ndi pafupifupi 90 peresenti. Pofika mphindi 35 watsika kufika cha m'ma 30, ambiri atabanika. Helikoputa kawirikawiri imafika mochedwa, ndiye okufukulani ndi anzanu omwewo. Ngati sanaphunzirepo kufufuza ndi kukumba, musatuluke nawo kunja kwa malo okonzedwa.