Chiphaso pakhomo la intaneti: momwe Britain idafikira pa 25 Julaye 2025

Kuyambira pa 25 Julaye 2025, munthu wokhala ku Britain akafuna kulowa pa tsamba la intaneti lokhala ndi zolaula amayamba kaye waonetsa kuti adakwanitsa zaka 18. Zongodina kabokosi kovomera kuti ndiwe wamkulu zidatha. Ena amajambulitsa nkhope kuti kompyuta iyerekeze msinkhu wawo, ena amatumiza chithunzi cha pasipoti kapena laisensi, ena amagwiritsa ntchito khadi la ku banki. Si masamba olaula okha ayi: Reddit, X, Discord ndi Bluesky nawonso adayamba kufunsa, ndipo abale athu okhala ku Leicester kapena Manchester akumana nazo pafoni zawo. Kampani yonyozera lamuloli, lotchedwa Online Safety Act, ikhoza kulipitsidwa mapaundi 18 miliyoni, kapena gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zonse zimene imapeza padziko lonse, malinga ndi chomwe chakula.

Phokoso lidabuka sabata yomweyo. Anthu oposa 400,000 adasayina chikalata chopempha nyumba ya malamulo kuti ichotse lamuloli. Nigel Farage adalonjeza kuti chipani chake cha Reform UK chikadzalowa m'boma chidzalifafaniza, ndipo nduna yoona za luso lamakono panthawiyo, Peter Kyle, idamuyankha kuti waima mbali imodzi ndi anthu ogwiririra ana ngati Jimmy Savile. Mawu oterewa amatseka makutu a aliyense. Ine ndikuona kuti mkanganowu sungamveke ukayambira mu 2025. Mizu yake ili mu 2019, chaka chimene lamulo lina, laling'ono ndi lolunjika, lidafa lisanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Chiyambi chake tingochidutsa mwachangu. Mu 2012 atsikana awiri aang'ono, Tia Sharp ndi April Jones, adaphedwa, ndipo pamilandu yonse iwiri kudapezeka kuti akuphawo ankasunga zithunzi zozunza ana. Mu Julaye 2013 nduna yaikulu David Cameron adagwirizana ndi makampani akuluakulu opereka intaneti m'nyumba, BT, Sky, TalkTalk ndi Virgin Media, kuti aike sefa yotchinga zolaula, imene mwini nyumba akhoza kuichotsa ngati akufuna. Sefayo inkalakwitsa, nthawi zina nkutseka masamba ophunzitsa za umoyo wogonana ndi othandiza ozunzidwa. Chipani cha Conservative chidalonjeza pachisankho cha 2015 kuti chibweretsa njira yotsimikizira msinkhu, ndipo lonjezolo lidalowa m'gawo lachitatu la lamulo la Digital Economy Act la 2017.

Lamulo la 2017 lidalunjika pa masamba ochita malonda a zolaula basi. Woyang'anira adasankhidwa kukhala BBFC, bungwe lomwe kwa zaka zoposa 100 lakhala likuika malire a msinkhu pa mafilimu. Masamba a mchezo sadakhudzidwe, ndipo tsamba lomwe zolaula sizinkafika gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe lili nazo linkapulumuka. Padali ngakhale ganizo lakuti munthu azigula kakhadi pasitolo, wogulitsa aone nkhope ndi chiphaso chake, iye akalowetse nambala ya pakakhadiko popanda kutchula dzina pa intaneti. Manyuzipepala adaliseka ganizoli, koma ukaliyang'ana lero, linkateteza chinsinsi cha munthu kuposa kutumiza chithunzi cha pasipoti.

Mantha enieni adali pena. Kampani ya MindGeek, yomwe panthawiyo idali mwini wake wa Pornhub ndi masamba ena akuluakulu otere, idapanga njira yakeyake yotsimikizira msinkhu yotchedwa AgeID. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la Open Rights Group lidafunsa funso lomwe mpaka pano silinayankhidwe mokhutiritsa: kodi nkwanzeru kuti wogulitsa zolaula akhalenso mlonda wosunga mayina a ogula? Anthu anali asanaiwale za 2015, pamene akuba a pa intaneti adaulula mayina a anthu mamiliyoni olembetsa pa Ashley Madison, tsamba la ofuna zibwenzi zamseri, mabanja nkupasuka. Ndondomeko yoteteza chinsinsi imene BBFC idakonza idali yongodzipereka, kampani yosafuna sinkakakamizidwa.

Tsiku loyamba loti lamulolo liyambe kugwira ntchito lidali la mu Epulo 2018, koma lidasunthidwa. Lachiwiri lidali 15 Julaye 2019. Patangotsala masabata ochepa, pa 20 Juni, nduna Jeremy Wright adaima m'nyumba ya malamulo nkupepesa: akuluakulu a unduna wake adaiwala kudziwitsa European Commission za malamulowo monga zinkafunikira, popeza Britain idali isanatuluke mu European Union. Adati kuchedwako kukhala kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Miyeziyo isanathe, pa 16 Okutobala 2019, wolowa m'malo mwake, Nicky Morgan, adalengeza kudzera m'kalata kuti gawo lachitatu silidzayambanso kugwira ntchito, ndipo nkhani ya ana ndi zolaula ilowa m'lamulo lina lalikulu lomwe linkakonzedwa.

Chifukwa chiyani? Boma lidati lamulo la 2017 lidali ndi chiboo chachikulu posiya masamba a mchezo. Otsutsa boma adati chifukwa chenicheni chidali chisankho chomwe chinkayandikira, cha Disembala 2019, ndipo palibe chipani chimafuna kupita kukapempha mavoti chitangouza amuna ndi akazi mamiliyoni kuti aonetse ziphaso asanaonere za kuchipinda. Zolembedwa za boma zimangopereka chifukwa choyambacho, chachiwiricho nchongoyerekeza, ngakhale nthawi yake ikugwirizana. Koma chifukwa cha boma sichidali bodza. Kafukufuku wa mkulu woona za ana ku England, Rachel de Souza, wa mu Januwale 2023, adapeza kuti ana ambiri amayamba kuona zolaula ali ndi zaka pafupifupi 13, mmodzi mwa ana 10 amakhala ataziona pofika zaka 9, ndipo malo amene adatchulidwa kwambiri sadali tsamba la zolaula koma Twitter, yomwe pambuyo pake idasintha dzina kukhala X. Chitseko cha 2017 chikadatsekedwa, zenera likadakhala pululu.

Chomwe chidasintha mtima wa dziko sichidali nkhani ya zolaula nkomwe. Molly Russell, mtsikana wa zaka 14 wa ku Harrow, adadzipha mu Novembala 2017. Bambo ake, Ian Russell, atatsegula makalata ake a pa intaneti ndi masamba ake a mchezo adapeza zomwe Instagram ndi Pinterest zinkamutumizira. Pakafukufuku wa imfa yake mu Sepitembala 2022 kudamveka kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ya moyo wake, mwa zinthu 16,300 zomwe adazikonda, kuzisunga kapena kuzigawa pa Instagram, 2,100 zidali zokhudza kuvutika maganizo, kudzivulaza ndi kudzipha. Wofufuza imfayo, Andrew Walker, adagamula kuti zimene ankaona pa intaneti zidathandizira imfa yake. Kholo lililonse lowerenga izi limakhala kaye chete. Kuchokera apo, phungu wonena kuti makampani adziyang'anira okha adasowa womumvera.

Bilu yaikuluyo idadutsa m'manja mwa nduna zingapo ndi nduna zazikulu zitatu. Mu Febuluwale 2022 masamba a zolaula adabwezeretsedwamo. Mu Novembala chaka chomwecho adachotsamo gawo lokakamiza makampani kulimbana ndi zinthu zololedwa ndi lamulo koma zopweteka kwa akuluakulu, poopa kuti boma lingamasankhire anthu zolankhula. Online Safety Act idakhala lamulo pa 26 Okutobala 2023, udindo nkupita kwa Ofcom, bungwe loyang'anira mawailesi ndi matelefoni ku Britain.

Apa ndi pomwe chiganizo cha 2019 chidabereka zipatso zake zonse, zokoma ndi zowawa. Walira mvula walira matope. Lamulo lofikira paliponse pomwe mwana angafike limafikiranso wamkulu aliyense. M'masiku oyambirira anthu adapeza kuti magulu a pa Reddit othandiza ofuna kusiya mowa ndi zithunzi zina za nkhondo ya ku Gaza pa X zabisidwa kuseri kwa chitseko cha msinkhu, chifukwa kampani yoopa chindapusa imatseka zambiri kuposa zomwe yauzidwa. Wikimedia Foundation, yomwe imayendetsa Wikipedia, idapita ku khoti poopa kuti ingadzakakamizidwe kufunsa ziphaso za olemba Wikipedia, ndipo idagonja mu Ogasiti 2025, ngakhale woweruza adachenjeza kuti chigamulocho si chilolezo chosokoneza ntchito ya Wikipedia. Ife amene tidakulira m'dziko la Censorship Board ya 1968, imene idayamba ndi kuteteza makhalidwe nkufika poletsa mabuku ndi nyimbo, mantha amenewa sitingawatche opanda pake.

Ziwerengero za mbali zonse nzofunika kuzigwira mosamala. Kampani ya Proton idati olembetsa VPN yake ku Britain (pulogalamu yochititsa munthu kuoneka ngati ali m'dziko lina, nkuzemba chitseko cha msinkhu) adakwera ndi 1,400 peresenti lamuloli litangoyamba, koma Proton imagulitsa VPN, ndipo nambalayo siisiyanitsa mwana wozemba ndi bambo wosafuna kupereka nkhope yake. Kutsika kwa olowa pa masamba akuluakulu a zolaula nakonso sikunena ngati anthuwo asiya kapena asamukira ku masamba osamvera lamulo. Chomwe mkangano wa VPN umaiwala nchakuti mwana wa zaka 9 safunafuna zolaula, zimamupeza akusewera pafoni ya amayi ake, ndipo mwana ameneyu chitseko chimamuteteza.

Mu Okutobala 2025 Discord idavomera kuti zithunzi za ziphaso za anthu pafupifupi 70,000 zikhoza kukhala kuti zidabedwa kudzera ku kampani ina yomwe inkaigwirira ntchito, zomwe Open Rights Group idachenjeza kalekale. Ian Russell, kumbali yake, adalembera nduna yaikulu Keir Starmer mu Januwale 2025 kuti dziko likubwerera m'mbuyo pa chitetezo cha ana, ndipo adapempha kuti lamulolo liwonjezeredwe mphamvu.