Ampu ya mavalavu ikamalira yokha, mverani kaye musanaitsegule

Ampu ya gitala ya mavalavu, timababu tagalasi tokulitsa mawu, sikhala chete kotheratu. Mukaika khutu pa sipika mumva kaphokoso kapansipansi, ndipo kameneko si matenda. Matenda ndi pamene phokosolo likumveka muli patali mamita atatu, kapena likumeza mawu a nsambo ikamamaliza kulira. Zikatere ambiri amathamangira kugula mavalavu atsopano, ndalama n'kupita, phokoso lili pompo. Chonsecho phokosolo limaulula lokha kumene likuchokera, bola womvera adziwe kulisiyanitsa.

Yambani ndi kamvekedwe kake. Magetsi a pakhoma amasinthasintha ka 50 pa sekondi m'mayiko ambiri, ndipo ku America ndi kwina ka 60. Kulira kwa pansi kwenikweni, kwa "huuu" kosalala, ndi 50 Hz yomweyo, kutanthauza ka 50 pa sekondi, imene yalowa mozembera, kudzera pa thiransifoma, pa mawaya otenthetsa mavalavu kapena pa earth, njira yopititsa magetsi pansi. Kulira kokwererako ndi 100 Hz, ndipo kumaloza ku mbali imene imasandutsa AC kukhala DC, chifukwa rectifier, chida chogwira ntchito imeneyo, imatulutsa magetsi modumphadumpha kawiri pa kuzungulira kulikonse. Gitala yomweyo ingakuthandizeni kuyeza: dinani nsambo yaikulu pa fret yachitatu, G imeneyo ndi 98 Hz, pafupi kwambiri ndi 100. Phokoso likafanana nayo, kayikirani makapasita. Likakhala G yomweyo koma yapansi, ya pa gitala ya besi, ndi 50 Hz. Kumene magetsi ndi a 60 Hz, 120 imagwera pakati pa fret yoyamba ndi yachiwiri pa nsambo ya A. Ndiye pali "zzz" wakuthwa ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ameneyo kawirikawiri amachokera kunja, wagwidwa ndi gitala kapena chingwe.

Tsopano zulani chingwe cha gitala pa ampu. Jaki yolowetsera ili ndi kachitsulo kamene kamagundana ndi earth pulagi ikangotuluka, kuti valavu yoyamba isatole kanthu. Phokoso likatha, ampu ilibe mlandu. Likakula m'malo mochepa, kachitsuloko kachita dzimbiri kapena kafooka. Kapukuteni ndi mankhwala otsukira zamagetsi, mulowetse ndi kutulutsa pulagi kangapo.

Ngati mlandu wagwera gitala, imani nayo n'kumatembenuka pang'onopang'ono ngati mukufuna netiweki. Pickup, kachida kotola kulira kwa nsambo, ikakhala ya koyilo imodzi ngati za pa gitala ya Stratocaster, ndi waya wopyapyala wokulungidwa maulendo masauzande, ndipo imatola maginito a thiransifoma iliyonse imene ili pafupi, kuphatikizapo ya ampu yanu. Mupeza mbali imene phokoso likuchepa kwambiri. Izi si zoti n'kukonza, ndi chibadwa chake, n'chifukwa chake Gibson anayamba kuika humbucker ya Seth Lover pa magitala ake mu 1957: makoyilo awiri olumikizidwa mosemphana, phokoso la ina likufafaniza la inzake. Gwiraninso nsambo. "Zzz" akachepa mukagwira, waya wa earth wa pa bridge, chitsulo chogwira nsambo, uli bwino, chimene chikusowa ndi chotchinga cha kopa m'kati mwa gitala. Akapanda kusintha, wayawo waduka. Akakula, penapake mawaya a pa jaki anasinthanitsidwa powotcherera. Musaiwale kuzimitsa zinthu za m'chipindamo chimodzichimodzi: nyale za fluorescent, chochepetsera kuwala kwa nyale, tchaja ya foni, adaputala yotchipa ya mapedulo. Foni yeniyeniyo ikakhala pamwamba pa ampu imalowetsa kaphokoso kake ka "dit-dit-dit" isanayambe n'kulira komwe.

Pali phokoso lina limene limabwera pokhapokha mwalumikiza ampu ku chida china cha pulagi yakeyake, monga mikisa, kompyuta kapena ampu yachiwiri. Zida ziwirizo zakumana pa earth kudzera njira ziwiri, ya pakhoma ndi ya chingwe, ndipo mkombero umenewo ukuyendamo magetsi. Zilumikizeni pa soketi imodzi. Zikakanika, ikani pakati kathiransifoma kolekanitsa kapena kabokosi kotchedwa DI box kokhala ndi switchi ya ground lift, yodula mkombero wa earth umenewo. Koma kuthyola kamwendo ka earth pa pulagi, ngakhale phokoso limathadi, ndi kudziikira msampha. Nsambo zimalumikizana ndi chassis, bokosi lachitsulo la ampu, ndiye tsiku limene waya wamoyo udzakhudze chassis, njira ya magetsi yopita pansi idzakhala manja anu ndi milomo yanu pa maikolofoni.

Tinene kuti gitala mwazula koma ampu ikulirabe. Potokolani voliyumu. Phokoso likamakwera ndi kutsika nayo, likulowa voliyumu isanafike, ndiye kuti ndi pa valavu yoyamba kapena mawaya ake. Likakhala chimodzimodzi ngakhale voliyumu ili pa 0, likulowera kumene mawu amafika atadutsa kale voliyumu. Ampu ya reverb tsitsaninso reverb. Thanki yake, kabokosi ka masipuring'i kopanga reverb, ikaikidwa motembenuza, mbali yotulutsira mawu n'kuyang'ana ku thiransifoma yaikulu, imatola 50 Hz yambiri, ndipo kungoitembenuza kumathetsa nkhani.

Kuti mutsimikize, gwiritsani ntchito mavalavu omwewo. Zimitsani, dikirani azizire, chotsani kavalavu koyamba, kaja kali pafupi ndi jaki, kawirikawiri 12AX7 imene ku Ulaya amaitcha ECC83. Yatsani, sipika ili yolumikizidwa. Ampu ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika, mungawotche thiransifoma yotulutsira mawu. Ikakhala chete, vuto lili pamenepo. Sinthanitsani kavalavuko ndi kena ka mtundu womwewo ka m'ampu momwemo. 12AX7 imatha kukulitsa mawu pafupifupi ka 100, choncho kutayikira kochepa pakati pa heater, kawaya kotenthetsa valavu, ndi cathode, kachitsulo kamene imakatenthetsa, kumene sikumveka valavuyo ili kumapeto, kumasanduka chiphokoso ikakhala poyamba. Kuigogoda pang'ono ndi pensulo kumaululanso ina: ikalira "ngii" pa sipika kapena kuthetheka, yatha ntchito pamalo amenewo. Pitirizani chomwecho mpaka kavalavu komaliza, koyandikana ndi mavalavu aakulu. Mukakachotsa phokoso n'kukhalapobe, latsala ku mavalavu aakulu ndi magetsi owadyetsa.

Mavalavu aakulu, kaya ndi 6L6, EL34, 6V6 kapena EL84, akakhala awiriawiri amagwira ntchito mokokana, ndipo kukokanako kumafafaniza phokoso la magetsi mu thiransifoma. Imodzi ikafooka, kufafanizako kumatha. N'chifukwa chake amagulitsidwa oyezedwa kale kuti ndi ofanana, ndipo kusintha imodzi yokha n'kungotaya nthawi. Ayang'aneni mumdima. Kuwala kwa heater pakati n'kwabwino, koma chitsulo chotuwa chija chikayamba kufiira ngati khala, phokoso likukulirakulira, zimitsani pomwepo: bias, magetsi ochepa oletsa valavu kukoka magetsi opitirira muyeso, yatayika.

Kuchokera apa ntchito ndi ya m'kati mwa chassis, ndipo si ya aliyense. Makapasita aakulu amasunga 400 mpaka 500 V ngakhale ampu yazimitsidwa ndi kuzulidwa pakhoma. Amakhuthulidwa kudzera pa rezisita, monga ya 100k ya 5 W yolumikizidwa ku chassis, osati kugunditsa sikuludiraiva, kenako n'kuyeza ndi mita mpaka itsike pansi pa 10 V. Poyeza ampu yoyaka, dzanja limodzi limakhala m'thumba. Amene sanaphunzire zimenezi aipereke kwa mmisiri, n'kumufotokozera zonse zimene wapeza pamwambapa. Wamuchepetsera theka la ntchito.

Makapasita amenewa ndi a electrolytic, ndipo amauma ndi zaka ndi kutentha. Akauma salinganizanso kudumpha kwa rectifier kuja, 100 Hz n'kumadutsa. Chizindikiro china n'chakuti mukaimba notsi imodzi mokweza, pansi pake pamamveka ina yachilendo yosagwirizana nayo. Ena amaoneka ndi maso, otupa kapena otuluka zoyera kumutu, koma ambiri amaoneka bwinobwino. Njira yachidule: ampu ili yozimitsa ndi yokhuthulidwa, kolekani kapasita yabwino ya 22 µF 500 V pambali pa imene mukuikayikira, + kwa +, n'kuyatsa. Phokoso likagwa, mwaigwira. Posintha musatengeke n'kuika yaikulu kwambiri poyamba penipeni ngati rectifier ndi ya valavu. Valavu ya rectifier ya GZ34 malire ake ndi 60 µF, kupitirira apo imathetheka moto m'kati poyatsa. Kakapasita ka bias nako kamaiwalika. Kakafooka kamalowetsa 50 Hz molunjika ku mavalavu aakulu, ndipo kamaikidwa mosiyana ndi anzake, + wake ndiye amapita ku chassis. Kukatembenuza n'kupha mavalavu.

Mbali ya heater ndi imene imasokoneza ambiri, chifukwa mavalavu amayaka bwino ndipo palibe choonekera. Heater imadya 6.3 V AC, ndipo mawaya ake awiri amapotedwa pamodzi ngati chingwe kuti maginito a wina afafanize a mnzake. Amayenera kudutsa m'mphepete mwa chassis, kutali ndi waya wopita ku grid, polowera mawu mu valavu, ndipo akakumana adutsane mopingasa, asayendere limodzi. Mawaya amenewa amafunikanso polozera pa earth: waya wapakati wa thiransifoma, kapena marezisita awiri a 100 ohm, iliyonse kuchokera mbali imodzi kupita ku chassis. Marezisitawa amapsa mwakachetechete valavu yaikulu ikachita shoti, mwini wake n'kusintha valavu ndi fyuzi, ampu n'kubwerera ndi "huuu" amene kale kunalibe. Yezani AC kuchokera mbali iliyonse kupita ku chassis: zonse zikhale pafupi ndi 3.15 V. Ina ikaonetsa 6 inzake 0, kapena mita ikamangoyendayenda, sinthani onse awiri. Ma ampu ena, monga a Fender a m'ma 1970, ali ndi kopotokola kolembedwa hum balance kumbuyo m'malo mwa marezisitawo. Kwezani voliyumu popanda gitala, n'kukapotokola pang'onopang'ono mpaka pamene phokoso latsikitsitsa.

Zonsezi zikalephera, tengani kamtengo kouma, osati pensulo chifukwa mtima wake umadutsa magetsi, mukankhe mawaya limodzilimodzi ampu ikulira. Waya wa grid wosunthidwa sentimita imodzi yokha ungasinthe phokoso moonekeratu. Mukazimitsa ndi kukhuthulanso makapasita, mangitsani manati a majaki, a mavoliyumu ndi mabawuti a thiransifoma, chifukwa ma ampu ambiri akale earth yawo imadutsa pa manati amenewo, ndipo nati imodzi yokhwefuka pa jaki imalira ndendende ngati kapasita yakufa.