Carl Gustaf von Rosen: Woyendetsa Ndege Zachithandizo Amene Anayamba Kuponya Mabomba

Pa 30 Meyi chaka chilichonse, Aigbo a ku Nigeria amakumbukira Biafra, dziko lomwe analengeza pa tsikulo mu 1967 podzipatula ku Nigeria ndipo linagwa mu Januwale 1970. Mwambowu ukafika, dzina la mzungu wina wa ku Sweden, Carl Gustaf von Rosen, limadzutsa mkangano womwe sunathe: kodi anathandiza anthu anjala kapena anawaonjezera mavuto?

Anabadwa mu 1909. Nkhondo yake yoyamba inali ya ku Ethiopia mu 1935, pamene Italy inalowa m'dzikolo ndipo iye ankanyamula ovulala pa ndege ya Red Cross. Kenako analembedwa ntchito yonyamula anthu ku KLM, kampani ya ndege ya ku Netherlands, anamenyerako nkhondo Finland itaukiridwa ndi Soviet Union, n'kubwerera ku Ethiopia kukaphunzitsa asilikali a ndege a mfumu Haile Selassie. Pambuyo pake analowa kampani ya Transair, eni ake a ndege imene inagwa ndi Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, pafupi ndi Ndola mu Sepitembala 1961. Zimanenedwa kuti von Rosen ndiye akanayendetsa ndegeyo, koma anapulumuka chifukwa tsikulo ankadwala.

Zinthu zinatembenuka mu Ogasiti 1968. Asilikali a boma la Nigeria anali atazinga Biafra, ana akufa ndi njala, ndipo ndege zonyamula chakudya zinkaopa mfuti zapansi. Von Rosen ananyamuka pachilumba cha São Tomé ndi ndege ya mtundu wa DC-7, n'kuuluka chapansipansi kuti makina ounika ndege asamuone, mpaka anatera ku Uli, m'dera la Biafra, pamsewu chabe umene anausandutsa bwalo la ndege. Anzake ataona kuti n'zotheka analimba mtima.

Koma zimene anaona kumeneko, ndege za boma zikuphulitsa misika ndi zipatala, zinamupsetsa mtima. Anapeza tindege tisanu ta mtundu wa MFI-9, tophunzirira kuuluka basi, anatilumikiza ku Gabon n'kutimangirira maroketi. Pa 22 Meyi 1969, iye ndi anzake a ku Sweden ndi a ku Biafra anaukira bwalo la ndege la Port Harcourt, kenako mabwalo a m'mizinda ya Benin ndi Enugu, onsewo ali m'manja mwa boma. Nkhalamba ya zaka pafupifupi 60 m'kandege ka anthu awiri! Chiwerengero cha ndege zimene anaononga ali pansi chimasiyana malinga ndi wofotokoza. A Biafra ankatchula zambiri, a boma ku Lagos ankachepetsa, ndipo onsewo anali ndi chifukwa chokometsera nkhani.

Patangotha milungu iwiri, pa 5 Juni, ndege ya nkhondo ya Nigeria inagwetsa DC-7 ya Red Cross, onse amene analimo n'kufa. Red Cross inaimitsa maulendo ake, kusiya ntchito m'manja mwa ndege za mipingo. Omutsutsa amaloza pamenepa: munthu wodziwika ndi chithandizo atanyamula zida, boma linapeza podzera ponena kuti ndege zachifundo n'zankhondo. Mfundoyi ndi yolemera. Komabe boma linali litayamba kale kuombera ndege zopita ku Uli ndi kuphulitsa bwalolo usiku, iye asanamange roketi ndi imodzi yomwe, ndipo sizikudziwika ngati a Lagos akanaleka kugwetsa ndegeyo popanda iye.

Nkhondo itatha anabwerera ku Ethiopia kukaponya matumba a chakudya kuchokera m'mwamba kumidzi ya njala. Anaphedwa ali pansi ku Gode, m'dziko la Ethiopia, pa 13 Julayi 1977, nkhondo ya Ogaden, ya pakati pa Ethiopia ndi Somalia, ikuyamba.