Mbalame yoyasama pa kapinga: si ludzu ayi

Mvula ikayamba kuno ku Johannesburg cha mu Okutobala, anzathu ogwira ntchito m'magadeni amandifunsa za mbalame yotuwa, ya mlomo wachikasu, imene imadumphadumpha pa kapinga n'kumazula nyongolotsi. Imeneyo ndi Karoo thrush, mbale wake wa blackbird ya ku Ulaya. Chowadabwitsa n'kuona mwana wake atangoima, khosi atalisolola, kukamwa yasa, akupukusa mutu ngati watsamwa.

Kukatentha mbalame iliyonse imayasama. Koma ikamatero m'mawa kukuzizira, uku ikutsokomola, ife a zaziweto timayamba taganizira kanjoka kofiira kotchedwa Syngamus trachea, kodziwika bwino mwa ma blackbird ndiponso nkhuku. Kameneka sikakhala m'matumbo monga njoka zam'mimba zimene tinazolowera. Kamamatirira m'kati mwa kholingo, modutsa mpweya, n'kumayamwa magazi. Kakakazi kamafika masentimita awiri, kakamuna n'kochepetsetsa, ndipo tiwiriti tikagwirana sitisiyananso mpaka imfa. Mukang'amba kholingo la mwanapiye wakufa mumationa ngati kamphanda, chilembo Y chenicheni. Tikachuluka, mpweya umasowa podutsa.

Mazira a kanjokaka mbalame imawatsokomola, kuwameza, n'kutuluka ndi zitosi. Nyongolotsi ya m'dothi ikawadya imasunga mphutsi zotuluka m'mazirawo m'thupi mwake, mwina mpaka zaka zitatu. Ndiye kholo likamasolola nyongolotsi pa kapinga wothiriridwa bwino uja kukadyetsa ana, mwina lawatengera ndi matenda omwe. Mphutsi zimaboola matumbo, kuyenda ndi magazi mpaka m'mapapo, kenako n'kukwera kukholingo. Mbalame zazikulu zimapirira. Ana ndiwo amavutika, poti kanjira kawo ka mpweya n'kopapatiza.

Munthu kanjokaka sikamugwira, musaope. Nkhawa yanga ili pa inu oweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Ambiri akaona nkhuku ikubanika amangoti chitopa, basi mpeni. Chitopa chimapulula khola m'masiku ochepa, zina kupindika makosi, ndipo kuno ku South Africa lamulo limati muuze dokotala wa ziweto waboma. Kanjokaka kamadya pang'onopang'ono, makamaka anapiye, ndipo kamafa ndi mankhwala monga flubendazole kapena fenbendazole. Muyezo wake funsani adokotala, osangoyerekeza ndi maso.

Musapise nthenga kukhosi kwa mwanapiye kuti mukoke tinjokato, mungamutsamwitse. Anapiye asungeni pouma, osati pamatope pomwe nkhuku zakhala zikuponda chaka ndi chaka, ndipo mbale yomwera mbalame zam'tchire ikhale kutali ndi khola.